Kalata yotseguka kwa akuluakulu a chigawo cha Tete: ndidamanga mwana wanga ndi chingwe cha ng'ombe

Kwa olemekezeka Bwanamkubwa wa chigawo cha Tete, olemekezeka Mlembi wa Boma m'chigawo chino, akuluakulu a zaumoyo ndi a zamaphunziro, a ku ofesi ya chigawo yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo (Gabinete Provincial de Prevenção e Combate à Droga), ndiponso inu mafumu athu,

Zikomo. Ndagwira mwendo wanu, mundimvere mpaka ndimalize.

Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Chipwitikizi ndimachidziwa, ndidaphunzitsa nacho ana a pulayimale zaka zambiri kuno ku Angónia ndisanapume pa ntchito. Koma amayi anzanga amene ndikuwalankhulira amalira m'Chichewa, ndipo ndikufuna kuti wina akawawerengera kalatayi amve okha kuti sindidachotsepo kanthu. Omasulira muli nawo m'maofesi mwanu.

Mwezi wa Julayi, zaka ziwiri zapitazo, ine ndi mlongo wanga, malume ake a mwana, tidagwira mnyamata wanga wa zaka 21, amene mowa ndi chamba zidamugwira, n'kumumanga pa mzati wa kukhitchini ndi chingwe chomangira ng'ombe za pangolo. Mukuidziwa mphepo ya kuno mwezi umenewo. Ndidamufunditsa mabulangete awiri ali chimangire, n'kukhala pambali pake mpaka tambala woyamba. Adali atatha masiku atatu osagona, akuyankha anthu amene ife sitimawaona, atathyola chitseko cha mlongo wake wamng'ono kufuna ndalama. Madzulo a tsikulo adatola chikwanje. Sindikunyadira zimene tidachitazo ndipo sindikupempha kuti wina andiuze kuti tidachita bwino. Ndikufuna mudziwe kuti usiku umenewo ndidawerenga m'mutu mwanga malo onse amene ndikadamupititsa, ndipo ndidapeza awiri okha: chingwe kapena chitokosi cha polisi.

Ife tinkaganiza kuti tikamutsekera masiku angapo mowa utuluka m'thupi, mwana achira. Tsiku lachiwiri manja adayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonse chija, chilichonse chimene ndamupatsa akusanza. Usiku wotsatira adagwa ngati wakhunyu, thovu kukamwa. Tidamumasula n'kumukweza pa njinga yamoto, malume ake atamufungatira kumbuyo, ulendo wa kuchipatala. Kumeneko ndi kumene ndidamva koyamba, ine mphunzitsi wathunthu, kuti munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka, ukamuleketsa mwadzidzidzi popanda mankhwala, akhoza kufa. Thupi limakhala litazolowera kuponderezedwa ndi mowa, ndiye ukachoka kamodzin'kamodzi mitsempha ya m'ubongo imalusa. Kunjenjemera kumayamba tsiku loyamba lomwelo, kukomoka kumatha kutsatira, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu kotheratu, mtima kuthamanga, thupi kutentha. Mankhwala ake si achilendo ayi. Adamupatsa diazepam, namubaya vitamini B1, namuika madzi a m'mitsempha. Basi. Ndikadamupha mwana wanga ndi manja anga chifukwa chosadziwa chinthu chimene chikadanenedwa pa wailesi m'mphindi zisanu.

Zidayamba ali kalasi 9. Pafupi ndi sukulu yake padali baraka, ndipo m'barakamo mudali timabotolo tapulasitiki ta mowa woyera ngati madzi, totsika mtengo moti mwana akasunga ndalama ya mandasi ya masiku awiri watigula. Ankathira m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi n'kulowa nalo m'kalasi. Chamba, chimene anzake amachitchula kuti soruma, chidabwera pambuyo, atayamba maganyu onyamula katundu ku malire a Calómuè masiku a tchuthi. Mayeso a kalasi 10 sadalembe. Kenako zinthu zidayamba kusowa pakhomo: nkhuku, wailesi, foni yanga, ndowa ya nyemba, mpaka thumba la feteleza limene tidatenga pa ngongole, n'kutsala ndi munda wa chimanga chachikasu chaka chimenecho.

Pano ndiyenera kunena cholakwa changa, chifukwa makolo ambiri akuchichita lero lino. Ndinkabisa. Bambo ake akafunsa za nkhuku ndinkati yagwidwa ndi vumbwe. Mwini baraka akabwera ndi kope la ngongole ndinkalipira mwakachetechete kuti anthu a kumpingo asamve. Ndinkati ndikumuteteza, chonsecho ndinkamusalazira njira ya ku baraka. Akuluakulu adati mukabisa matenda maliro tidzamva, ndipo ine ndidabisa zaka zinayi. Chondibisitsa chidali manyazi. Mwana akadwala malungo mudzi wonse umabwera kudzazonda ndi phala. Akagwidwa ndi mowa, pachitsime amayi amasiya kulankhula iwe ukafika, ndipo wina amanong'ona kuti adamulera monyanyira, wina kuti adamukhwimira bizinesi ya mbatatesi. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu.

Kwa asing'anga tidapita, kawiri. Mbuzi idapita, ndalama zidapita. Ku mapemphero a usiku tidapitanso. Sindinyoza pemphero, pakuti ndi limene lidandiimiritsa masiku amene miyendo idakana, ndipo mpaka lero ndimagwada m'mawa uliwonse kutchula dzina la mwanayu. Koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa onsewa amene adandiuza kuti ichi ndi matenda, ali ndi njira yake yochizira, ndipo kubwereranso ku mowa pambuyo posiya ndi mbali ya matendawo.

Amene adandiuza ndi tekiniko wa matenda a m'maganizo pa chipatala chija. Ndikudziwa kuti dziko lathu lidayamba kuphunzitsa matekiniko amenewa m'chaka cha 1996 chifukwa madokotala a nthendazi ndi ochepa, ndipo ndikuthokoza amene adaganiza nzeru imeneyo. Mwana wanga ali moyo chifukwa cha mmodzi wa iwo. Koma tekiniko ameneyu adali yekha. Pa benchi panja pa chitseko chake padali akhunyu, amayi osokonezeka atangobereka, agogo oiwala, munthu amene adamwa mankhwala a m'munda, ndi ife. Tekinikoyo adachokera ku chigawo china, Chichewa ankangochitola, motero ine ndidasanduka womasulira wa mwana wanga ndi wa amayi ena atatu pa benchipo. Taganizani mnyamata wa zaka 21 akufunsidwa zimene zimamuwawa mumtima, womasulira ali mayi ake omubereka. Adangoti, "Palibe."

Atatha masiku 9 adatitulutsa. Adatipatsa mapiritsi ndi tsiku lobwerera, natiuza kuti tikamuyang'anire asakamwenso. Sindikuwaimba mlandu, bedi linkafunika kwa wina. Koma kuchokera pakhomo panga kukafika pa baraka ndi mtunda woti nsima ukaisiya pa mbale ukaipeza ikadali yotentha. Anzake onse adali pomwepo. Ntchito adalibe, sukulu idamutsekera kalekale, dzina lake m'mudzi lidali "chidakwa uja". Adapirira milungu 7. Tsiku lina kudagwa maliro, iye adapita kukathandiza adzukulu kukumba manda, ndipo adabwera usiku atanyamulidwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, olemekezeka. Chipatala chimachotsa mowa m'magazi pa sabata imodzi. Kuuchotsa m'moyo wa munthu kumatenga miyezi ndi zaka, ndipo ntchito yaitali imeneyo mwaisiya yonse m'manja mwa amayi ndi agogo amene sadaphunzitsidwe kalikonse. Ife ndife anamwino, ife ndife alonda a usiku, ife ndife apolisi, ife ndife osunga mankhwala. Tikalephera, mudzi umati talephera kulera.

Zipatala zazikulu za matenda a m'maganizo zili ku Infulene, komwe ndi ku Maputo, ndi ku Nampula. Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 1,500, ndipo ife a ku Ulongué tiyambe tayenda makilomita oposa 200 kuti tingoona mlatho wa Samora Machel mumzinda wa Tete. Ndidamva kuti ku Mafalala, ku Maputo komweko, kudatsegulidwa malo olandirira anthu ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo m'chaka cha 2018, ndipo ndidakondwera chifukwa cha ana a kumeneko. Nanga a ku Dómuè, a ku Tsangano, a ku Furancungo, a ku Chifunde? Amene ali ndi kangachepe amadumpha malire kupita ku Saint John of God ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, komwe mwana amakalankhula ndi mlangizi m'chinenero chake. Amene alibe amagula chingwe. Ndikudziwa nyumba zitatu m'dera lathu lokha momwe muli mnyamata womangidwa kapena wotsekeredwa, ndipo sindidzazitchula, chifukwa amayi akewo si zigawenga.

Chitokosi nachonso ndidachiyesa. Atabwerera ku mowa kachiwiri n'kugulitsa njinga ya bambo ake, ine mwini ndidapita kukapempha kuti amutsekere kuti aone polekera. Adagonamo masiku awiri. Adatuluka ndi nsabwe, ndi mkwiyo, ndi mayina a anthu awiri atsopano ogulitsa chamba. Adatha mwezi wathunthu osandiyankha moni.

Tsono ndikuuzeni chimene chidathandiza, kuti muone kuti sindikupempha zakumwamba. M'mpingo mwathu muli bambo wina wachikulire, kalipentala, amene iye mwini adamwa zaka zambiri n'kusiya. Tsiku lina adabwera pakhomo, sadalalikire, sadakalipe. Adangoti, "Mawa mbandakucha ndidzakutenga, ndili ndi zitseko zofuna kupala." Adabweradi. Mawa lakenso adabwera. Tsiku limene mwana adagona kunja ataledzera, bamboyo adabwerabe, nakhala pa khonde kumudikira mpaka adzuke. Ankadziwa mabodza onse a munthu womwa chifukwa adawanenapo yekha, ndipo ankadziwanso ola limene chilakolako chimafika, dzuwa likapendeka, manja akasowa chogwira. Pa ola limenelo ankamupatsa ntchito yolemetsa.

Bamboyo ndiye adandiphunzitsa inenso. Adati chakudya muzimupatsa nthawi zonse, chitseko musamutsekere, koma ndalama m'manja ayi, ndipo ngongole za ku baraka musalipirenso ngakhale mwini wake atukwane pabwalo. Adati musakambe naye nkhani ataledzera, dikirani m'mawa. Adati akagwa musanene kuti zonse zapita pachabe, muwerenge masiku amene adaima, kenako mubwerere naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kukana kulipira ngongole kudandipweteka kuposa kumumanga, pakuti ndidaima pakhomo panga ndikumva dzina la banja lathu likunyozedwa, mwana wanga ali m'nyumba akumva zonse. Koma kuyambira tsiku limenelo baraka idaleka kumukongoza.

Bambo ake, amene adafika ponena kuti alibe mwana wamwamuna, adayamba kupita naye ku dimba osalankhulana, wina uku wina uko, kuthirira kabichi. Adatha miyezi akugwira ntchito chotero. Tsiku lina ndidawamva akukangana za mtengo wa mbewu ya mbatatesi, ndipo ndidalowa m'nyumba kukalira, chifukwa kudali kukambirana kwawo koyamba pa zaka zitatu.

Pali wina amene tonse tidamuiwala: mlongo wake wamng'ono, uja adathyoleredwa chitseko. Zaka zonsezo maso anga adali pa mnyamata. Mtsikanayu ankagona ndi ndalama ya mayeso m'sokosi, ankakhoza bwino kusukulu popanda womufunsa, ndipo tsiku lina adandiuza kuti, "Amayi, kuti mundione ndiyambe kumwa nanenso?" Mukamakonza thandizo la mabanja ngati lathu, muwakumbukire ana oterewa. Ali m'nyumba iliyonse momwe muli womwa.

Lero mwana wanga watha miyezi 14 osalawa mowa kapena chamba. Sindinena kuti wachira. Ndimati lero sadamwe. Koma mwayi wathu udali woti kalipentala uja amakhala m'mudzi mwathu. Moyo wa mwana wa m'chigawo chino usadalire mwayi wotero.

Chimene ndikupempha choyamba, ndipo mukalephera zina zonse ichi chokha muchite, ndi nyumba. Osati chipatala chachikulu cha magalasi ayi. Nyumba ya boma kuno kumtunda, pafupi ndi chipatala, momwe mnyamata kapena mtsikana wotuluka m'wodi angakhale miyezi iwiri kapena itatu asanabwerere ku mudzi, ali ndi mlangizi wolankhula Chichewa, ali ndi munda, ali ndi benchi ya ukalipentala kapena makina osokera, ndipo Loweruka makolo tizibwera kudzaphunzira mmene tingamulandirire. Ina ikhale kumunsi kwa anzathu olankhula Chinyungwe. Anthu onga kalipentala wathu alipo m'midzi yambiri. Afunafuneni, muwaphunzitse, muwapatse kangachepe, akhale m'nyumba zimenezo. Musandiuze kuti chigawo chino n'chosauka. Sitima za malasha zimachoka ku Moatize usana ndi usiku, magetsi a ku Cahora Bassa amayatsa mizinda ya ku South Africa, fodya ndi mbatatesi zathu zimatuluka pa malole chaka ndi chaka. Nyumba ziwiri sizingagwetse thumba la boma.

Chachiwiri sichifuna n'komwe njerwa. Tili ndi azaumoyo a m'midzi, ma APE, amene amatiyeza malungo ndi kutiphunzitsa za madzi a mchere ndi shuga mwana akatsegula m'mimba. Aphunzitseni kuti adziwe zizindikiro za munthu amene thupi lake lagwidwa ndi mowa, kuti aziuza mabanja kuti womwa kwambiri asaleketsedwe payekha kunyumba, apite kuchipatala. Wailesi za m'madera ndi Rádio Moçambique zimaulutsa kale m'chinenero chathu. Ikanipo tekiniko sabata iliyonse, makolo tiziimba foni osatchula mayina. Auze anyamata mosabisa kuti ubongo wa munthu umakhala ukukulabe mpaka atapitirira zaka 20, ndi kuti chamba chosuta kwambiri pa msinkhu umenewo chimatha kudzutsa misala mwa ena. Mawu akuti "pewani mankhwala ozunguza bongo" olembedwa pa nsalu pa 26 Juni, tsiku lokumbukira kulimbana ndi mankhwalawa, anthu n'kuguba, n'kuvina, n'kubalalika, sadafikepo pa khitchini yanga.

Za malamulo, muli nawo kale. Lamulo la boma la m'chaka cha 2013, Decreto 54/2013, lidaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18 ndiponso kugulitsa m'masukulu ndi pafupi nawo. Tumizani oyendera malonda a boma ayende wapansi kuzungulira sukulu za sekondale nthawi yopuma, osalengeza tsiku, aone okha. Anzathu a ku Malawi adaletsa mowa wa m'masacheti, koma malire athu ndi msewu chabe, m'malo ena sitolo ili tsidya lino wogula ali tsidya lija, ndiye popanda kugwirizana ndi akuluakulu a ku Dedza ndi ku Ntcheu chimene chaletsedwa uku chimangowolokera uko. Lamulo nambala 3/97 la pa 13 Malichi 1997, limene lidakhazikitsa ofesi yolimbana ndi mankhwalawa, lili ndi mano okwanira kuluma ogulitsa. Alumeni amenewo. Koma mnyamata wopezeka ndi ndudu imodzi ya chamba m'thumba, njira yake ipite kwa tekiniko isanapite ku ndende. Ndipo sukulu ikamachotsa mwana chifukwa cha kuledzera, pakhale khomo lobwererapo akasiya. Wanga akufunitsitsa kulemba mayeso a kalasi 10 amene adawathawa aja.

Inu mafumu, nkhani ya kachasu ndi yanu, ndipo sindikufuna kuinena mopepuka. Amayi otcheza kachasu ndimawadziwa, ena ndi amasiye, ena adaphunzitsa ana mpaka ku yunivesite ndi mipopeyo. Kuwaswera mbiya popanda kuwapatsa china chochita n'kusamutsa njala kuchoka nyumba ina kupita ina. Koma mfumu ikhoza kulamula kuti m'mudzi mwake mwana wasukulu asagulitsidwe mowa, kuti munthu amene akuchira asapatsidwe ngakhale wolawa, kuti pa maliro adzukulu alandire nsima ndi thobwa m'malo mwa botolo. Mawu anu pabwalo amamveka kuposa pepala lochokera ku Tete. Ndipo mukamva kuti m'nyumba ina muli mwana womangidwa, musaitane makolo ake ku mlandu. Pitani mukawathandize kupeza galimoto.

Mu Januwale 2015, ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anthu 75 adamwalira atamwa mowa wa masese pochokera ku maliro. Tonse tikukumbuka. Poyamba kudamveka za ndulu ya ng'ona, kenako akatswiri adapeza kuti idali poizoni yochokera ku tizilombo tomera mu ufa umene udanyowa ndi madzi osefukira. Boma lidalengeza masiku atatu olira dziko lonse, akuluakulu adathamangirako, zoyesa zidatumizidwa kunja mpaka choonadi chidadziwika. Mudachita bwino. Mudaonetsa kuti mukafuna mumatha. Ana athu akufanso ndi mowa, koma mmodzimmodzi: uyu wagwa pa njinga yamoto usiku, uyu wapezeka m'ngalande m'mawa wa chisanu, uyu chiwindi chatupa, uyu wadzimangirira. Pa maliro timati adadwala mwadzidzidzi. Yambani kuwawerenga, boma ndi boma, chipatala ndi chipatala, ndipo chiwerengerocho mutiuze poyera.

Ife tayamba kale ndi zimene tili nazo. Lachinayi lililonse masana timakumana amayi 7 ndi abambo awiri pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi chathu. Tilibe dzina, tilibe ndalama, tilibe wotiphunzitsa. Timangouzana kuti wako wagona kunyumba kodi, wanga wadya, uja wagwanso, mawa ndikuperekeza kuchipatala. Sabata yatha kudabwera agogo ena ochokera kutali ndithu, atayenda wapansi, mdzukulu wawo ali chimangire masiku anayi. Tidasonkha ndalama ya njinga yamoto, ndipo amene adapita kukamumasula ndi kumufungatira kumbuyo mpaka kuchipatala ndi mwana wanga.

Mdzukuluyo atuluka m'wodi masiku akubwerawa. Agogo ake andifunsa kale kuti akatuluka apite naye kuti, ndipo ndawalonjeza kuti ndifunsa kwa inu.

Ine wanu,
Mayi wa ana anayi, mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Angónia